Nkhokwe ya chimanga imene inasanduka hotela ku Cape Town

Mumzinda wa Cape Town, kumapeto kwenikweni kwa dziko la South Africa, muli nkhokwe ya simenti imene kwa zaka 77 inkasunga chimanga. Lero munthu akafuna kugonamo usiku umodzi wokha ayenera kukhala ndi marandi oposa 10,000 m'thumba. Nkhokweyo anaisandutsa hotela yotchedwa The Silo, ndipo inayamba kulandira alendo m'mwezi wa Malichi chaka cha 2017.

Ambiri a ife kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga mzinda umenewu timangoumva dzina, makamaka pa moni wa pawailesi, pamene mayi akupereka moni kwa mwana wawo amene ali ku Cape. Ulendo wake ndi wautali. Mabasi amene timawaona akudutsa pa Calómuè kapena pa Zóbuè amawoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa mu Zimbabwe pa Cuchamano, kudutsa Harare ndi Beitbridge mpaka ku Johannesburg. Ukafika pamenepo wangomaliza gawo loyamba, chifukwa patsala makilomita ena pafupifupi 1,400 kuti uone nyanja ya Cape Town. Tsono kumeneko, padoko lakale la mzindawo, ndi pamene pali nkhokwe tikunenayi.

Anayamba kuimanga m'chaka cha 1921 ndipo anaimaliza mu 1924. Mwini wake anali nthambi ya boma yoyendetsa njanji ndi madoko. Nsanja yake ndi yotalika mamita 57, ndipo nthawi imeneyo kunalibe nyumba ina yoiposa msinkhu mu Africa yense wa kumwera kwa chipululu cha Sahara. Amene munafikako ku Songo mukhoza kuyerekeza motere: khoma la damu la Cahora Bassa ndi lotalika mamita 171, choncho nsanja zitatu zotere mutazisanjika zingafanane ndi khomalo. Pambali pa nsanjayo anamanga migolo ikuluikulu ya simenti yokwana 42, yoimirira mothithikana ngati mabotolo m'kileti, uliwonse wotalika mamita oposa 30. Zonse pamodzi zinkatha kusunga matani pafupifupi 30,000 a mbewu, kutanthauza matumba a makilogalamu 50 oposa theka la miliyoni.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kochititsa kaso. Sitima yapamtunda inkabwera ndi chimanga kuchokera kuminda ya m'kati mwa dziko. Mabogi ankawapendeketsa ndi makina, chimanga n'kukhuthukira m'maenje apansi. Kuchokera m'menemo malamba okhala ndi tizidebe ankachikweza mpaka pamwamba pa nsanja, ndipo potsika chinkadutsa pa sikelo, n'kupetedwa, n'kusankhidwa molingana ndi mtundu ndi ubwino wake, kenaka n'kutsanuliridwa mu mgolo wake. Sitima yapamadzi ikakocheza, malamba ena ankachinyamula kuchoka m'migolo mpaka m'mimba mwa sitimayo. Ntchito yonseyi inkachitika popanda thumba, popanda munthu wosenza pamutu. Kupatula chimanga, munkadutsanso tirigu, mapira ndi soya.

Boma la nthawiyo silinamange nkhokwe imeneyi yokha. Linamanganso ina padoko la Durban, ndi zina zing'onozing'ono m'masiteshoni a njanji m'madera olima chimanga. Cholinga chinali chimodzi: kuti chimanga cha South Africa chizigulidwa pa mtengo wabwino kutsidya kwa nyanja. Wogula wa ku Ulaya sankafunika kutsegula thumba lililonse kuti aone ngati muli miyala kapena anankafumbwe. Ankangokhulupirira pepala lonena kuti chimangachi ndi cha giredi yakuti, cholemera mwakuti. Mlimi nayenso ankapereka chimanga chake kunkhokwe n'kulandira chiphaso, ndipo sankakakamizika kugulitsa tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife alimi a kumalire. Tonse tikudziwa zimene zimachitika mu Meyi ndi Juni. Chimanga chikangolowa m'mudzi, ogula amafika ndi zitini ndi masikelo awo, mtengo uli pansi, ndipo banja limagulitsa chifukwa pakhomo palibe sopo, palibe mchere, mwana akufuna makope. Matumba amakwera njinga n'kuwolokera ku Dedza kapena ku Lizulu. Pofika Januwale banja lomwelo likugulanso chimanga pa mtengo wokwera. Amene wapindula si amene anagwira khasu, koma amene anali ndi malo osungira ndi ndalama yodikirira. Akuluakulu amene akukumbukira masiku a AGRICOM, bungwe la boma logula mbewu limene ntchito yake inatengedwa ndi Instituto de Cereais de Moçambique mu 1994, angatiuze kuti funso la yemwe asunge chimanga cha mlimi silinayambe lero. Boma la South Africa funso limenelo linaliyankha zaka 100 zapitazo ndi simenti ndi njanji.

Koma linaliyankhira anthu ake okha. Lamulo la malo la 1913 linali litasiyira anthu akuda gawo lochepa kwambiri la dziko, pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse, ndipo mu 1936 anangowonjezera kufika pa 13. Chimanga chimene chinkadzaza migolo ija kwenikweni chinali cha m'mafamu a azungu. Anthu akuda anali olima, okolola ndi osesa fumbi. Ndikunena izi chifukwa alendo amakono akamasilira nyumbayi n'kosavuta kuiwala kuti ubwino wake sunagawidwe mofanana kuyambira tsiku loyamba.

Nkhokweyi inasiya kugwira ntchito mu 2001. Sitima zapamadzi zinali zitakula kwambiri, ndipo ntchito yaikulu ya katundu inali itasamukira kumadoko atsopano akuya. Malonda a chimanga nawonso anali atasintha, popeza bungwe la boma limene linkalamula mitengo ya chimanga linathetsedwa mu 1997. Pamene zimenezi zinkachitika, doko lakalelo linali litayamba kale moyo wina. Kuyambira mu 1988 malowo, otchedwa V&A Waterfront, anayamba kuwakonza kuti akhale a masitolo, mahotela ndi malo odyera. Ndi pomweponso pamene anthu amakwerera boti lopita ku Robben Island kukaona kachipinda kamene anatsekeramo Nelson Mandela. Pakati pa zowalawala zonsezi nkhokwe ija inangoima yokha kwa zaka zoposa khumi, m'kati muli nkhunda ndi fumbi.

Kuigwetsa kukanakhala kophweka, koma eni malowo anaganiza zina. Anaitana katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Britain, Thomas Heatherwick. Vuto limene anakumana nalo linali lakuti nyumbayi inalibe chipinda chachikulu n'chimodzi chomwe. Mbali yaikulu inali migolo yamdima, yopanda khomo loti munthu n'kulowera. Iye anatenga njere imodzi ya chimanga, n'kuijambula pa kompyuta mbali zonse, n'kuikulitsa mpaka kutalika mamita 27. Kenaka amisiri anadula migolo ya pakati motsata maonekedwe a njereyo. Makoma akale anali opyapyala, motero anayamba awalimbitsa ndi simenti yatsopano m'kati asanalowetse macheka. Chimene chinatsala ndi mphako yaikulu yooneka ngati njere ya chimanga, ndipo munthu akaima pansi n'kuyang'ana kumwamba amaona migolo yodukaduka ngati zisa za njuchi, kuwala kukulowera padenga la galasi. M'migolo ina anaikamo zikepe ndi masitepe ozungulira.

Gawo lapansili analisandutsa nyumba yoonetsera zaluso za ojambula ndi osema amakono a mu Africa, yotchedwa Zeitz MOCAA. Inatsegulidwa pa 22 Seputembala 2017, ili ndi zipinda zoonetsera pafupifupi 80, ndipo ntchito yokonza inadya marandi pafupifupi 500 miliyoni. Dzinalo ndi la Jochen Zeitz, Mjeremani amene kale anali mkulu wa kampani ya nsapato ya Puma, yemwe anabwereketsa zaluso zimene anasonkhanitsa. Potsegulira panali mkangano ndithu. Anthu ena anafunsa kuti zatheka bwanji kuti nyumba yonena za Africa ikhale ndi dzina la Mjeremani, wolemba mapulani Mngelezi, ndiponso mkulu woyamba mzungu. Mu 2019 udindowo unaperekedwa kwa mayi Koyo Kouoh, wobadwira ku Cameroon, amene anayendetsa nyumbayi mpaka pamene anamwalira mu Meyi 2025.

Hotela ija ili pamwamba, mu nsanja momwe kale munkakwera chimanga, ndipo yatenga nsanjika 6. Zipinda zake ndi 28 basi. Anthu a malonda amenewa hotela yotere amaitcha boutique, liwu la Chifalansa lotanthauza kasitolo kakang'ono, limene timalimvanso m'Chipwitikizi. Kusiyana kwake ndi mahotela akuluakulu n'kwakuti kumeneko zipinda zimakhala mazanamazana zofanana ngati mazira, pamene kuno chipinda chilichonse chili ndi mipando yake, nsalu zake ndi zithunzi zake. Eni ake ndi banja la a Biden la ku South Africa konko, kudzera m'kampani yawo ya The Royal Portfolio, imene ilinso ndi malo ena ogona alendo ku Franschhoek, ku Hermanus ndi pafupi ndi nkhalango ya Kruger. Mayi Liz Biden ndiwo anasankha okha zokongoletsa za m'zipindamo.

Chimene chimadziwitsa hotelayi patali ndi mazenera. Amisiri anasiya mizati yakale ya simenti momwe inalili, n'kuchotsa makoma a pakati pake, m'malo mwake n'kuikamo magalasi otukuka kunja ngati mimba ya mtsuko, opangidwa ndi tizidutswa tambirimbiri. Zenera limodzi ndi lotalika mamita oposa 5. Usiku magetsi akayaka m'kati, nsanjayo imaoneka ngati nyali yaikulu yoikidwa padoko. Mlendo ali gone pabedi amaona phiri la Table mbali iyi, nyanja ndi sitima mbali inayo. Padenga penipeni pali dziwe losambiramo. Kunena zoona, chimene munthu akulipira marandi onse aja si bedi ayi, chifukwa tulo ndi timodzimodzi kulikonse. Akulipira zenera.

Malo odyera ali pa nsanjika ya 6, ndipo dzina lake ndi The Granary Café. Liwu loti granary m'Chingelezi ndi nkhokwe yomweyo. Pafupi pake pali bala yotchedwa Willaston, dzina la sitima yoyamba imene inanyamula mbewu kuchokera m'nkhokweyi mu 1924. Pamene hotelayi inkatsegulidwa, mkulu wa kukhitchini anali mayi Veronica Canha-Hibbert. Malowa anatchuka ndi zinthu ziwiri zimene ndi mwambo wa Angelezi: nyama yowotcha ya Lamulungu masana, ndi tiyi wa madzulo amene amabwera ndi timakeke ndi timikate tosanjikizana pa mbale. Vinyo savuta, poti minda ya mphesa ya Stellenbosch ndi Franschhoek ili pafupi. Munthu sakwera chikepe chimenechi kukafuna nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, ngakhale kuti anthu ambiri a dzikolo chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku ndi nsima yomweyo, imene iwo amaitcha pap.

Wina angafunse kuti hotela ya zipinda 28 ikufuniranji khitchini yaikulu chotere. Werengani nokha: ngakhale zipinda zonse zitadzaza anthu awiriawiri, alendo sangapitirire 60, ndipo ambiri a iwo masana amakhala atapita kukayenda. Malo odyera ndiwo khomo la anthu a mumzinda. Munthu amene sangathe kulipira chipinda angathe kulipira tiyi, n'kukhala pafupi ndi zenera lomwe lija kwa maola awiri, n'kujambula chithunzi, n'kuchitumiza kwa anzake pa foni. Mawa anzakewo abwera. Motero khitchini imabweretsa ndalama tsiku ndi tsiku, ngakhale m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamene alendo akunja amachepa, komanso imalengeza hotelayo popanda kulipira wailesi. Amayi amene amagulitsa nsima ndi tchipisi pamsika wa Ulónguè nzeru imeneyi amaidziwa: fungo la mafuta ndilo limaitana wodutsa.

Hotelayi inatsegulidwa pa nthawi yovuta. Kuyambira mu 2015 mvula inali ikuvuta m'chigawo cha Cape, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2018 madamu a mzindawo anali atatsala pang'ono kuuma. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 akuluakulu a mzinda analamula kuti munthu mmodzi asapitirire malita 50 patsiku. Amenewo ndi zidebe ziwiri ndi theka za malita 20, zomwera, zophikira, zochapira, zosamba ndi za kuchimbudzi. Amayi athu amene amasenza madzi kuchokera ku mjigo angaseke kumva kuti zimenezi zinali nkhani ya dziko lonse, popeza mabanja ambiri kuno safika n'komwe pa muyeso umenewo. Koma kwa mahotela a Cape Town, amene amagulitsa mabafa akuluakulu ndi maiwe osambiramo, linali tsoka. Ambiri anachotsa zotsekera m'mabafa n'kupempha alendo kuti azisamba mofulumira. Mvula inabwera m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho ndipo mipope sinatsekedwe. Patangopita zaka ziwiri kunabwera mliri wa Covid-19. Kumapeto kwa Malichi 2020 boma linatseka dziko, ndege zinaima, ndipo mahotela ndi malo odyera anakhala opanda mlendo kwa miyezi.

Pa nthawi imeneyo ndi pamene midzi yathu inaona kuti mahotela a kutali chotere amatikhudza. Ndalama zimene ana ankatumiza zinaima. M'mahotela ndi m'malo odyera a Cape Town mumagwira ntchito anthu ambiri ochokera ku Zimbabwe, ku Malawi, ku Congo ndi kuno ku Mozambique: otsuka mbale, osenda mbatata, oyala mabedi, operekera zakudya, alonda. Hotela ya mtengo wapatali imafuna manja ambiri, ndipo kawirikawiri antchito amachuluka kuposa zipinda. Anthu amenewa sakhala padoko. Amakhala ku Dunoon, ku Khayelitsha, ku Imizamo Yethu kapena ku Masiphumelele, ambiri m'tinyumba ta malata, ndipo amadzuka kusanache kuti akapeze minibasi.

Tiyeni tiwerenge pang'ono. Lamulo la malipiro ochepetsetsa linayamba kugwira ntchito m'dzikolo pa 1 Januwale 2019, pa marandi 20 pa ola. Mu Malichi 2025 anafika pa marandi 28.79. Amenewa ndi malire apansi a lamulo, ndipo olemba ntchito ena amalipira zoposa pamenepa. Koma munthu wolandira malipiro a 2025 amenewa, kuti apeze marandi 10,000 ayenera kugwira maola pafupifupi 350, ndiye kuti pafupifupi milungu 8 ya maola 45, osadya, osalipira lendi, osakwera galimoto. Miyezi iwiri ya thukuta siikwana n'komwe usiku umodzi m'chipinda chotsika mtengo.

Sindikunena kuti hotelayi ikanapanda kumangidwa wosauka akanalemera. Nkhokwe yosiyidwa sidyetsa munthu, pamene hotela imalemba anthu ntchito, imagula nsomba kwa asodzi ndi ndiwo zamasamba kwa alimi. Ndiponso pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa: kuyambira mu 2011 theka la malo onse a V&A Waterfront ndi la thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma la South Africa, theka linalo ndi la kampani ya Growthpoint. Ndiye kuti lendi imene imatoleredwa padokopo mbali ina imathera kwa aphunzitsi, anamwino ndi apolisi opuma ntchito. Zimenezo n'zabwino. Chimene chimandivuta ine n'chakuti mlendo wochokera kwathu kuno sali m'gulu limenelo. Iye amalandira za tsiku lake basi, ndipo zinthu zikavuta ndiye woyamba kuuzidwa kuti akhale kaye kunyumba.

Anyamata amene mukulota za ulendowu mudziwenso ichi. Kuyambira mu 2005 nzika ya Mozambique imalowa mu South Africa popanda viza, koma chidindo chimenecho ndi cha mlendo wodzacheza, si chilolezo cha ntchito. Mahotela akuluakulu amafunsa mapepala, ndipo ambiri amafunanso Chingelezi chomveka ndi satifiketi ya maphunziro a zophika kapena zolandira alendo. Amene alibe zimenezi amathera m'tinyumba todyera tating'ono, kumene malipiro amapangana pakamwa ndipo ukadandaula amakukumbutsa za pasipoti yako. Zithunzi zimene abale amatumiza ataima patsogolo pa nyumba zowala za padoko n'zoona, koma ambiri amakhala atajambulitsa pa tsiku lawo lopuma.

Khomo la hotela ndi la nyumba ya zaluso ndi osiyana, ngakhale denga ndi limodzi. Pa khomo la hotela amafunsa ngati munasungitsa malo. Pa khomo linalo pali mwayi umene abale athu a kumeneko ambiri saudziwa: nyumba ya Zeitz MOCAA inakhazikitsa kuti Lachitatu lililonse, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, nzika za mayiko a mu Africa zizilowa ulere zikaonetsa chitupa kapena pasipoti. Amene muli ndi mwana ku Cape amene amapuma Lachitatu, muuzeni atenge pasipoti yake apite. Akalowe pansipo, aime pakati pa mphako ija, ayang'ane kumwamba, aone ngati angaizindikire njereyo. Akatsikira kuchipinda chapansi penipeni adzapeza ngalande zakale momwe munkadutsa malamba a chimanga, zitseko zachitsulo za kunsi kwa migolo zikadali m'malo mwake.